Momwe mungakhalire katswiri wofufuza za nyama zakuthengo, kuyambira kuno ku Dedza

Wachinyamata wa kuno akanena kuti akufuna kudzakhala katswiri wa nyama zakuthengo, anzake amafulumira kumuuza kuti apite ku Liwonde kapena ku Kasungu, chifukwa kwathu kuno nyama zinatha kalekale. Mikango ndi zipembere kulibedi. Komabe m'nkhalango ya Dedza-Salima, kutsetserekera kunyanja, mumayenda njovu zomwe zimafikanso ku nkhalango ya Thuma, m'mapiri amiyala a ku Chongoni muli anyani ndi mbira, ndipo m'minda yonse kuchokera ku Linthipe mpaka ku Lizulu muli mbewa za mitundu yosiyanasiyana, zomwe mnyamata wogulitsa zapampani m'mbali mwa msewu wa M1 amazisiyanitsa bwino kuposa munthu amene wangochoka kumene ku yunivesite. Amene akufuna kuti dzina lake lidzamveke pa ntchito imeneyi angathe kuyambira pomwe ali, malinga asankhe funso limodzi ndi malo amodzi, n'kukhala nazo kwa zaka zambiri.

Sankhani funso loti mungaliyankhe ndi miyendo yanu

Mutu wakuti "mavuto a zachilengedwe m'boma la Dedza" ndi woyenera msonkhano, koma munthu sangaufufuze, chifukwa palibe chimene angawerenge kapena kuyeza kuti auyankhe. Funso labwino limatchula nyama, malo ndi nyengo. Mungafunse kuti anyani a ku Chongoni amaononga chimanga mpaka pa mtunda wotani kuchokera m'malire a nkhalango, ndipo amabwera kwambiri chimanga chikamamasula kapena chikakhwima. Mungafunse ngati nungu zimakumba kachewere kwambiri m'minda yoyandikana ndi miyala kusiyana ndi ya m'madambo, kapena ngati mitundu ya mbewa imasintha pamalo pomwe padutsa moto chaka chilichonse. Mafunso oterewa amaoneka aang'ono, ndipo anzanu ena adzawaseka, koma alimi amafuna mayankho ake, ndiponso mukhoza kuwatsatira popanda galimoto.

Musanapite kutchire, fufuzani zimene ena analemba kale. Buku la W.F.H. Ansell ndi R.J. Dowsett la 1988, Mammals of Malawi, limasonyeza kumene nyama iliyonse yoyamwitsa inapezekapo m'dziko muno, ndipo la Françoise Dowsett-Lemaire ndi Robert Dowsett la 2006, The Birds of Malawi, limachita chimodzimodzi ndi mbalame. Powerenga mabuku amenewa, samalirani kwambiri malo omwe pamapu palibe chizindikiro chilichonse, chifukwa nthawi zambiri mpata wotero umatanthauza kuti palibe amene anakayang'anako, ndipo ndi pamenepo pamene munthu watsopano angaonjezere chake.

Kope lanu ndiye chuma chanu choyamba

Gulani kope lachikuto cholimba ndi mapensulo. Inki imasungunuka ikanyowa, ndipo aliyense amene anakwerapo phiri la Dedza m'mwezi wa June amadziwa mmene nkhungu imanyowetsera zonse za m'chikwama. Pa tsamba lililonse lembani deti, nthawi yoyamba ndi yomaliza, dzina la malo, nambala za GPS zomwe foni yanu ikhoza kukupatsani ngakhale kulibe netiweki, mmene kunja kwachera, ndi maina a amene munali nawo. Kenaka lembani zimene mwaona, mosiyanitsa ndi zimene mukuganiza. Kulemba kuti "mapazi a nyama yamphaka, masentimita 8 m'litali, opanda zikhadabo, pamchenga wa m'mbali mwa mtsinje" kuli ndi phindu lalikulu kuposa kulemba kuti "kambuku", chifukwa wina wodziwa bwino adzatha kutsimikiza kapena kutsutsa ngakhale patapita zaka khumi. Pojambula mapazi kapena ndowe, ikani rula pambali pake, ndipo ngati mulibe, ikani ndalama yachitsulo kuti kukula kwake kuoneke.

Lamulo lomwe oyamba kumene amaliphwanya kawirikawiri ndi lakuti tsiku lomwe simunaone kanthu nalonso lilembedwe. Ine ndinataya miyezi iwiri ya ntchito chifukwa cha zimenezi: ndinkalemba masiku okhawo omwe ndapeza mapazi a nguluwe, ndipo wondiphunzitsa atandifunsa kuti ndinayenda masiku angati onse pamodzi, ndinasowa chonena. Popanda chiwerengero chimenecho panalibe njira yodziwira ngati nguluwe zinali zambiri kapena ngati ine ndi amene ndinkayenda kwambiri. Madzulo aliwonse jambulani masamba a tsikulo ndi foni, ndipo pakutha pa sabata alowetseni pa kompyuta, mzere umodzi pa chinthu chimodzi chomwe mwaona.

Phunzirani maina awiri a nyama iliyonse

Nyama iliyonse muidziwe ndi dzina la sayansi komanso la kumudzi, ndipo musafulumire kuganiza kuti maina awiriwa amagwirizana nthawi zonse. Dzina limodzi la Chichewa likhoza kuphatikiza mitundu iwiri yomwe asayansi amaisiyanitsa, ndipo nthawi zina mudzi wina umatchula mosiyana ndi mudzi woyandikana nawo. Brian Morris, amene anakhala zaka zambiri m'Malawi ndipo analemba buku la The Power of Animals mu 1998, anapindula kwambiri pomvetsera alenje ndi anthu a m'midzi, n'kulemba maina ndi nzeru zawo mosamala. Chitani chimodzimodzi. Khalani pansi ndi mkulu wodziwa kusosa mbewa, mumufunse mwaulemu kuti, "Agogo, kodi kapuku mumamusiyanitsa bwanji ndi mbewa zinazi, ndipo amachuluka mwezi uti?" Zimene adzakuuzeni zokhudza una, mikwaso ndi nyengo zikhoza kukufupikitsirani ntchito ya chaka chathunthu. Lembani mawu ake monga wanenera, ndipo pambuyo pake muwayese ndi misampha yanu, popeza ngakhale mkulu wodziwa amakumbukira bwino zaka zachilendo kuposa zaka wamba.

Zilolezo ndi ulemu

Simungalowe m'nkhalango yotetezedwa ngati Chongoni, Mua-Livulezi, Dzonzi kapena Mvai n'kuyamba kutchera misampha popanda kalata. Za nkhalango zimenezi pitani ku ofesi ya zankhalango ya paboma, ndipo ngati ntchito yanu ikukhudza kugwira nyama, mufunikanso chilolezo cha nthambi yoona za mapaki ndi nyama zakuthengo, yomwe ambiri amangoitchula kuti DNPW. Bungwe la National Commission for Science and Technology ndi lomwe limayang'anira kafukufuku m'dziko muno, ndipo ngati muli pa yunivesite, komiti yoona za kafukufuku ya pasukulu panu idzakuuzani poyambira. Nkhaniyi musaitenge mopepuka, chifukwa chiyambire pamene lamulo la zanyama linakonzedwa mu 2017, munthu wopezeka ndi ziwalo za nyama zotetezedwa kwambiri, monga minyanga ya njovu kapena mamba a ngaka, akhoza kulamulidwa kukhala kundende mpaka zaka 30. Mukapeza zotere kutchire, jambulani, lembani malo, ndipo mudziwitse alonda. Musazitole n'kuika m'chikwama poganiza kuti ndi zakafukufuku. Kumbukiraninso kuti ku Chongoni kuli malo 127 a zojambula zakale za pamiyala, omwe UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006, kotero simuyenera kukhoma msomali, kupaka penti kapena kusonkha moto m'mapanga amenewo.

Kalata ya boma siilowa m'malo mwa amfumu. Yambani mwakaonekera kwa nyakwawa, mufotokoze m'Chichewa chomveka chomwe mukufuna kuchita ndi nthawi yomwe mudzakhale, ndipo muwapemphe munthu woyenda naye. Mudzaona kuti m'midzi yambiri ya kuno, pamene mitengo yachilengedwe inatha chifukwa cha minda ndi makala, kankhalango kokhako kotsala ndi ka kumanda, ndipo m'menemo ndi mmene mbalame ndi tinyama tambiri timabisala. Mtima wa wofufuza umalakalaka kulowamo, koma malo amenewo ali ndi eni ake ndiponso miyambo yake, makamaka kumene kuli dambwe. Ngati amfumu akana, werengani mbalame muli kunja, ndipo mulembe m'kope kuti munawerengera kunja.

Njira zowerengera nyama zomwe simukuziona

Nyama zambiri za kuno zimayenda usiku kapena zimathawa munthu ali patali, kotero kawerengedwe kake kamadalira zizindikiro. Njira yosavuta ndi kuyenda mzere wowongoka womwe munauyeza kale, mwachitsanzo wa kilomita imodzi, n'kumalemba mapazi, ndowe, pokumba ndi makhwekhwe omwe mwapeza, komanso mtunda wa chilichonse kuchokera pamzerewo. Mizere imeneyi isatsate njira za anthu, ngakhale kuti ndiko kosavuta kuyenda, chifukwa nyama zina zimakonda njira pamene zina zimazipewa, ndipo chiwerengero chanu chidzapendekeka. Ikani mizere pamapu musanafike pamalopo, kuti maso asakukokereni komwe kukuoneka kokongola. Muiyende m'nyengo ya mvula, m'nyengo yozizira, ndiponso pambuyo pa moto wa mu September ndi October, popeza tchire limodzi lomwelo limakhala losiyana kotheratu pa nyengo zitatuzi.

Ndowe musazinyoze. Ku Kasungu, Hugo Jachmann ndi Richard Bell anakonza bwino njira yodziwira chiwerengero cha njovu pogwiritsa ntchito ndowe, ndipo zimene anasindikiza mu 1984 m'magazini ya African Journal of Ecology zinathandiza ofufuza a m'maiko ena omwe njovu zawo zimakhala m'nkhalango zowirira moti sizioneka ngakhale munthu ali m'ndege. Maganizo ake ndi osavuta kumva. Mukadziwa kuchuluka kwa milu ya ndowe pa dera lomwe mwayeza, nthawi zomwe njovu imodzi imachita chimbudzi patsiku, ndi masiku omwe mulu umatenga kuti uwole, mukhoza kupeza chiwerengero cha njovu. Chovuta chili pa kuwola, chifukwa chiswe, tizilombo tokunkhuniza ndowe ndi mvula zimagwira ntchito mosiyana malo ndi malo. Choncho musabwereke nambala ya ku Kasungu n'kuigwiritsa ntchito m'zigwa za Dedza-Salima. Ikani chizindikiro pa milu yatsopano, muziiyendera mpaka itatha. M'nkhalango imeneyi, momwe bungwe la Wildlife Action Group limagwira ntchito pamodzi ndi boma monganso ku Thuma, musayende nokha popanda mlonda wodziwa khalidwe la njovu.

Kwa amene wasankha mbewa, njira yake ndi kutchera misampha yogwira yamoyo, monga ya mtundu wa Sherman, m'mizere yotalikirana mofanana, nyambo yake chiponde chosakaniza ndi gaga. Tcherani madzulo ndipo muonjole m'mamawa dzuwa lisanatenthe. M'miyezi yozizira ikani tiudzu touma mumsampha, chifukwa kuzizira kwa usiku wa ku Dedza kukhoza kupha mbewa yotsekeredwa m'chitsulo. Iliyonse muiyeze kulemera, kutalika kwa thupi, mchira, khutu ndi phazi lakumbuyo, muimete ubweya pang'ono ngati chizindikiro, n'kuimasula pomwe munaigwira. Tiyerekeze kuti ulendo woyamba mwaika chizindikiro pa mbewa 40, ndipo ulendo wachiwiri mwagwira 30, mwa izo 10 zili ndi chizindikiro. Ndiye kuti pa mbewa zitatu zilizonse imodzi ndi yomwe munaigwirapo kale, ndipo zonse pamalopo zingakhale pafupifupi 120. Kuwerengera kumeneku kumayenda bwino pokhapokha ngati maulendo awiriwa ayandikana, mbewa zisanaswane kapena kusamuka, ndiponso ngati anyamata a m'mudzi sanakumbe pamalopo pakati pa masikuwo, chomwe ndi chifukwa china choyambira kwa amfumu. Valani magolovesi nthawi zonse, ndipo mileme musaigwire musanabayitse katemera wa chiwewe.

Makamera omangirira pamtengo, omwe amajambula okha nyama ikadutsa, ndi abwino kwa fisi, nungu ndi gwape, koma ndi okwera mtengo ndipo amabedwa. Ngati mwabwereka angapo, amangeni cha m'mawondo, dulani udzu wa patsogolo pake kuti mphepo isamawayambitse pachabe, ndipo lembani tsiku lomwe iliyonse yayamba ndi kusiya kugwira ntchito. Zithunzi za anthu otola nkhuni zomwe kamera yajambula mwangozi musazionetse kwa ena.

Sukulu ndi ndalama

Pano tili ndi mwayi, chifukwa sukulu ya Malawi College of Forestry and Wildlife ili m'boma lomwe lino, pafupi ndi Chongoni. Amene akufuna digiri angayang'ane ku LUANAR, ku yunivesite ya Mzuzu, ku University of Malawi ku Zomba, kapena ku MUST ku Thyolo. Kulikonse kumene mungapite, limbikirani masamu a chiwerengero ndipo muphunzire pulogalamu ya pakompyuta yosanthulira ziwerengero ya R ndi ya mapu ya QGIS, zomwe zonse ndi zaulere. Ophunzira ambiri amakonda kutchire n'kumathawa phunziro limeneli, kenaka amakhala ndi makope odzaza omwe sangathe kuwamasulira. Lowani bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi kuti mudziwane ndi anthu a ntchitoyi. Pa za ndalama, mabungwe ngati Rufford Foundation ndi Conservation Leadership Programme amathandiza ofufuza oyamba kumene, ndipo pempho la munthu amene ali kale ndi zolemba za chaka chimodzi zomwe anasonkhanitsa ndi ndalama zake limamveka mosiyana ndi la amene ali ndi malonjezo okha.

Kulemba kuti ena agwiritse ntchito

Kafukufuku wotsekeredwa m'kabati ya ofesi sathandiza aliyense. Lembani pepala lofotokoza funso lanu, njira zomwe munatsata mwatsatanetsatane moti wina akhoza kuzibwereza, zomwe munapeza, ndi tanthauzo lake, osabisa pomwe ntchito yanu inaperewera. Litumizeni ku magazini ya sayansi yomwe imapereka pepala lililonse kwa akatswiri ena kuti aliunike, monga African Journal of Ecology, Oryx, African Zoology, kapena Ostrich ngati ndi za mbalame. Mayankho amatenga miyezi, ndipo kawirikawiri amabwera ndi zodzudzula zambiri kapena kukana kumene. Lolani mkwiyo uzizire masiku angapo, kenaka muyankhe mfundo iliyonse payokha, mukonze pomwe akunena zoona, ndipo mufotokoze mwaulemu pomwe simukugwirizana nawo. Chenjerani ndi magazini omwe amakutumizirani imelo yokutamandani n'kulonjeza kusindikiza m'sabata imodzi mukalipira, chifukwa pepala lotuluka kumeneko akatswiri saliwerengera ndipo simungalitumizenso kwina.

Ngati mukugwira ntchito ndi akatswiri ochokera kunja, kambiranani za maina a olemba ntchito isanayambe. Zimachitika kuti amene anayenda m'tchire miyezi yonse amangothokozedwa kumapeto kwa pepala, pamene maina a pamwamba ndi a ena. Pemphani kutenga nawo mbali pa kusanthula ndi kulemba, chifukwa ndi zimene zimakupatsani ufulu wa dzina pamwamba ndiponso luso loti mudzaime panokha. Tsegulani nambala ya ORCID, yomwe ndi nambala ya pa intaneti yozindikiritsa wofufuza aliyense, ndipo dzina lanu muzililemba mofanana pa pepala lililonse. Zomwe munaona zoti sizikwana pepala, ziikeni pa masamba a pa intaneti a iNaturalist kapena eBird, komwe zotsimikizika zimafika ku nkhokwe ya GBIF yomwe ofufuza a dziko lonse amatapamo.

Kodi mphamvu ya katswiri imayezedwa bwanji?

M'mayunivesite amawerenga kuti mapepala anu atchulidwa kangati ndi ofufuza ena, ndipo Google Scholar imasonyeza zimenezi kwaulere. Muyeso wotchuka ndi h-index, womwe Jorge Hirsch anauyambitsa mu 2005: munthu wa h-index ya 10 ali ndi mapepala 10 omwe lililonse latchulidwa kosachepera ka 10. Muyesowu umathandiza pofunsira ntchito, koma umakondera amene akhalitsa pantchito ndi amene amalemba za nyama zotchuka, kotero wofufuza mbewa za ku Bembeke asadziyerekeze ndi wofufuza mikango. Mukayang'ana amene maina awo anakhazikika, mupeza kuti ambiri anakhala pamalo amodzi nthawi yaitali. Cynthia Moss anayamba kutsatira njovu za ku Amboseli ku Kenya mu 1972, kuzidziwa imodziimodzi ndi mabanja ake, ndipo ntchitoyo ikupitirirabe. Anthony Sinclair anawerenga nyama za ku Serengeti ku Tanzania kuyambira m'ma 1960, n'chifukwa chake anatha kusonyeza kuti nyumbu zinachuluka kupitirira miliyoni imodzi matenda a rinderpest atathetsedwa pa ng'ombe zozungulira malowo. Kuno kwathu, Simon Munthali ndi mnzake Mughogho analemba mu 1992 za phindu lomwe anthu ozungulira paki ya Kasungu angapeze ku ulimi wa njuchi ndi kutola matondo, nkhani yomwe inakhudza mwachindunji mmene paki ingakhalire ndi oyandikana nayo, ndipo Tiwonge Mzumara-Gawa anadziwika potsatira mtundu umodzi wa mbalame, Lilian's lovebird, ku Liwonde.

Ine ndimaona kuti muyeso wina wofunika ndi wakuti kodi pali mlimi, mlonda kapena wa ku ofesi ya zankhalango amene anasintha kachitidwe kake chifukwa cha zomwe munapeza. Kuti zimenezi zitheke, bwererani kumudzi komwe munagwira ntchito, mupemphe amfumu aitanitse anthu, ndipo mufotokoze m'Chichewa, ndi mapu ojambula papepala lalikulu, kuti anyani amalowera mbali iti ndi mwezi uti, kuti olondera m'minda adziwe nthawi yoika mphamvu. Lembani tsamba limodzi lachidule, mukalisiye ku ofesi ya zankhalango, kwa alangizi a zaulimi ndi ku komiti ya zachilengedwe ya m'mudzi. Pa zonse zomwe mudzagawe, kaya pamsonkhano, m'pepala kapena pa intaneti, chotsanimo nambala za GPS za malo omwe munaona ngaka, una wa nyama yosowa kapena pomwera njovu, ndipo muzipereke kwa alonda okha.